Kodi utsi wa ku Joni ungadwalitse munthu shuga? Yankho kwa mayi a ku Alexandra

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena okhala ku Alexandra, lokeshoni ya ku Joni, kwawo ku Ntcheu. Andilola kuyankha poyera, bola ndisawatchule dzina. Amuna awo ali ndi zaka 44, amagwira ntchito yaulonda usiku, ndi ochepa thupi, mowa samwa, ndipo mu tiyi amangothira kasupuni kamodzi. Koma mwezi wa May anawapeza ndi matenda a shuga. Abale kumudzi akuti ndi zawanthu. Mnzawo wina wawauza kuti anamva pa wailesi zoti utsi umayambitsa shuga. Ndiye mayiwa akufunsa kuti: "Kodi zimenezi n'zoona? Ngati ndi utsi, bwanji abwana anga ku Sandton, omwe amadya zonona kuposa ife, ali bwinobwino, chonsecho tonse tikupuma mpweya wa mzinda umodzi? Kapena tingolongedza tibwerere kumudzi?"

Mayi, choyamba pepani ndi matendawa. Ine si dokotala, choncho zomwe ndilembe pano zisalowe m'malo mwa zomwe akuuzani kuchipatala. Koma nkhaniyi ndakhala ndikuitsatira kwa nthawi, ndipo ndikuuzeni mosazungulira kuti mnzanuyo sananame. Utsi umawonjezera mpata woti munthu adwale shuga. Pomwe sindikugwirizana nanu ndi pa mawu akuti mpweya wa mzinda umodzi. Mzinda ndi umodzidi, koma mpweya umene mumapuma inu madzulo ku Alexandra si umene amapuma abwana anu, ngakhale pakati panu pali msewu wa M1 wokha.

Ndiyambe ndi momwe utsi umafikira ku shuga, chifukwa ambiri tikamva za utsi timangoganiza za chifuwa ndi mphumu.

Mu utsi muli tinthu ting'onoting'ono tomwe akatswiri amatitcha PM2.5. N'tating'ono moti mutandandalika tokwana pafupifupi 30 m'pamene tingafanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Fumbi lalikulu limakodwa m'mphuno ndi pakhosi, timalimina kapena kulikhosomola n'kuthana nalo. Iti ayi. Timatsika mpaka pansi penipeni pa mapapo, pamene mpweya umalowera m'magazi, ndipo tochepetsetsa timawolokera m'magazi momwemo. Thupi limatiwona ngati adani, n'kuyamba kulimbana nato. Kulimbanako kumabweretsa kutupa kwam'kati komwe sikuoneka ndi maso, ndipo munthu akamapuma utsi tsiku ndi tsiku, kutupako sikuphwa.

Tsono tikadya nsima, chakudyacho chimasanduka shuga m'magazi. Kuti shugayo alowe m'minofu n'kutipatsa mphamvu, kapamba amatulutsa insulini. Insulini ili ngati mlendo wofika pakhomo n'kunena kuti odi. Eninyumba akamva, amatsegula, shuga n'kulowa. Kutupa kuja kumagonthetsa eninyumba. Odi akumveka panja koma khomo silikutseguka, shuga angoyendayenda m'magazi. Kapamba amayamba kukuwa kwambiri, kutulutsa insulini yochuluka, chaka ndi chaka, mpaka mawu amasasa. Pamenepo m'pamene munthu amayamba ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, kufooka ndi kuwonda. Umenewu ndiye shuga wa mtundu wachiwiri, amene amagwira akuluakulu ambiri.

Izi si zongoganizira. Mu 2009 akatswiri a pa yunivesite ya Ohio State ku America anatenga mbewa zodya chakudya chofanana chamafuta ambiri, zina n'kuzipumitsa mpweya wosefa, zina mpweya wokhala ndi PM2.5. Zopuma mpweya woipa zija matupi awo anasiya kumvera insulini kuposa zinzake. Mu 2018 magazini ya zaumoyo ya The Lancet Planetary Health inatulutsa kafukufuku wotsatira anthu pafupifupi 1.7 miliyoni amene anagwirapo ntchito ya usilikali ku America. Ofufuzawo atawerengera dziko lonse lapansi anapeza kuti m'chaka cha 2016 chokha, anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anayamba kudwala shuga mothandizidwa ndi mpweya woipa, omwe ndi 14 mwa anthu 100 aliwonse amene anayamba kudwala chaka chimenecho. Anaonanso kuti chiopsezo chimayamba ngakhale pa mlingo wa utsi umene maboma ankati ndi wabwinobwino. Kafukufuku wina wa mu 2022, m'magazini yomweyo, anaphatikizapo utsi wa m'nyumba, wa nkhuni, makala ndi malasha, ndipo anapeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mtolo wonse wa shuga wa mtundu wachiwiri padziko lapansi limakhudzana ndi tinthu timeneti.

Muone bwino manambalawa. Gawo limodzi mwa asanu si laling'ono, koma magawo anayi otsalawo ali kwina: kumtundu, kunenepa makamaka kwa pamimba, zakudya, kusayenda, fodya, msinkhu. Ndipo manambalawa amanena za khamu la anthu. Palibe chipangizo chimene chingapime bambo akwanu n'kunena kuti shuga wawo wachokera ku utsi kapena kwa agogo awo. Utsi uli ngati mwala umodzi pa katundu amene munthu wasenza kale.

Tsopano za Joni weniweniyu. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, kukwera kuposa pa boma la Dedza. Kuyambira May mpaka August mvula kulibe yoti n'kutsuka mlengalenga, mphepo usiku imakhala bata, ndipo mpweya wozizira umakhazikika pansi pomwe wofunda uli pamwamba pake ngati chivundikiro pa mphika. Utsi wonse wotuluka madzulo sukwera. Umagona nafe limodzi mpaka dzuwa litatentha mawa lake. Amene munakwerapo takisi m'mamawa mwezi wa July mukuchidziwa chifunga chabulawuni chija chimene chimayala pamwamba pa malokeshoni. Ine chaka changa choyamba kuno ndinkachiyesa nkhungu ngati ya ku Thyolo, mpaka nditaona kuti kolala ya shati imada tsiku limodzi lokha.

Utsi wina umachokera kutali. Kum'mawa kwathuku, ku Mpumalanga, kuli malo ambiri opangira magetsi ndi malasha a Eskom, komanso fakitale ya Sasol ku Secunda. Kum'mwera kuli mafakitale a ku Vaal. Boma lenilenilo linavomereza kuti maderawa mpweya wake ndi woipa: la Vaal analiika pa ndandanda wa madera ofunika chisamaliro chapadera mu 2006, ndipo limafika mpaka ku Soweto ndi Orange Farm, pomwe la Highveld, lomwe likuphatikizapo Ekurhuleni, analiika mu 2007. Utsi wakutaliwu mphepo ikaubweretsa susankha, umagwera Sandton ndi Alexandra yemwe. Mpaka pamenepa mukunena zoona.

Kusiyana kumayambira pafupi ndi mphuno. Alexandra ali pakati pa misewu iwiri ikuluikulu, M1 ndi N3, ndipo amatsetserekera ku mtsinje wa Jukskei, kumene mpweya wozizira ndi utsi zimakadikha. Nyumba n'zothithikana, mikhukhu yamalata yosasunga kutentha, ndiye kukazizira aliyense amayatsa chimene ali nacho: parafini, nkhuni, malasha, matabwa opaka penti otola pomanga nyumba. Zinyalala zikachedwa kutengedwa zimawotchedwa, mapulasitiki ndi matayala omwe. Zonsezi zikufuka pa msinkhu wa munthu, nthawi imene ana akusewera panja ndipo amayi akuphika. Kutsidya kwa msewu kuli mitengo, mabwalo aakulu, nyumba zofunda ndi magetsi, ndipo magetsi akathima amayatsa a dzuwa. Kumeneko palibe amene amagona m'chipinda chimodzi ndi sitovu ya parafini.

Izi sizinangochitika zokha. Golide atapezeka mu 1886 migodi inasiya milu ya dothi loyera imene mumaiona m'mbali mwa msewu popita ku Soweto, ndipo malamulo a tsankho, monga Group Areas Act ya 1950, anakankhira anthu akuda pafupi ndi milu imeneyo ndi mafakitale. Lero anthu a ku Riverlea ndi ku Snake Park akudyabe fumbi lake mphepo ya August ndi September ikayamba. Tsankho la m'malamulo linatha mu 1994, koma mapu a kumene wosauka amagona sanasinthe kwenikweni, ndipo ife obwera timakafikira komweko chifukwa ndi kumene lendi tingaikwanitse. Agogo athu amene ankabwera pa Wenela ankameza fumbi pansi pa mgodi. Adzukulu tikulimeza pamwamba.

Ndiye taganizirani usiku umodzi wa bambo akwanu. Mlonda mwezi wa June amakhala panja kapena m'kanyumba kamalata, ndipo ambiri amaotha moto wa m'chitini choboola, nkhope ili pamwamba pa utsi kwa maola ambiri. Ntchito ya usiku payokha imadziwika kuti imawonjezera chiopsezo cha shuga chifukwa imasokoneza tulo ndi nthawi yodyera. Kukacha amadikira takisi pa renki, injini zili kulira. Njala ikawapweteka chapafupi ndi magwinya (mandasi a kuno), kota (buledi wotemedwa n'kuikamo tchipisi ndi soseji), buledi woyera ndi chakumwa chozizira cha shuga, chifukwa ndi zimene zimakhutitsa pa ndalama yochepa. Akafika kunyumba amagona masana m'phokoso, mutu uli pa lendi, pa mapepala, pa ndalama yotumiza kumudzi. Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro sikata. Utsi, tulo tochepa, chakudya chotchipa ndi nkhawa zonse zimagwera munthu mmodzi yemweyo, ndipo n'chifukwa chake kasupuni kamodzi ka mu tiyi sikakufotokoza chilichonse.

Magulu ena ali ndi zawo. Amayi ndiwo amakhalitsa pamoto, ndipo bungwe la boma lowerengera anthu, Stats SA, lakhala likusonyeza kwa zaka zingapo kuti shuga ndi matenda amene akupha amayi ambiri kuposa ena onse muno mu South Africa. Mayi woyembekezera amene amapuma utsi wambiri amakhalanso pa chiopsezo cha shuga wa pamimba. Ogulitsa malonda pa marenki a takisi a Bree ndi Noord, othira mafuta pa filingi siteshoni, anyamata okoka matilole a zinyalala m'mbali mwa msewu, owotcha nyama ndi chimanga, onsewa mpweya wawo wa kuntchito ndi utsi wa dizilo ndi makala. Amwenye a ku Lenasia ndi Fordsburg shuga amawagwira kwambiri kuposa mitundu ina, ngakhale olemera, chifukwa kumtundu kwawo amabwera msanga ndiponso pa thupi locheperapo. Chimenechi chikutikumbutsa kuti utsi si wokhawo uli pa mlandu.

Abwana anunso musawayese otetezeka. Olemera amadwala shuga, ndipo ambiri. Chomwe amatiposa n'chakuti amapimitsa chaka ndi chaka, amawapeza matenda asanakule, ndipo mankhwala ndi chakudya choyenera sizivuta. Bungwe la International Diabetes Federation linanena mu 2021 kuti akuluakulu pafupifupi 4.2 miliyoni muno ali ndi shuga, mmodzi mwa asanu ndi anayi aliwonse, ndipo pafupifupi theka sakudziwa. Ndikaganiza za theka limenelo ndimaona nkhope za anthu akwathu. Tilipo ambiri amene timaopa kukiliniki chifukwa cha mapepala, chifukwa cha chilankhulo, kapena chifukwa tinamva kuti mnzathu anabwezedwa pageti. Timapirira ludzu ndi kufooka mpaka bala la pamwendo litakana kupola kapena maso atayamba kuchita chidima. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo shuga amatha zaka ali chete uku akudya impso, maso ndi mitsempha. Zimandipweteka kwambiri kuti anthu amene amapuma utsi wochuluka ndi omwewonso amene amachedwa kupimidwa.

Malamulo a dziko lino ali kumbali yathu pa mfundo ziwiri, ndipo ndi bwino kuzidziwa. Gawo 27 la malamulo oyendetsera dziko limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, ndipo palibe woyenera kukanizidwa chithandizo chadzidzidzi. Gawo 24 limati aliyense ali ndi ufulu wokhala m'malo osawononga thanzi lake. Mawu ake ndi akuti aliyense, osati nzika zokha. Pa gawo 24 limeneli, mabungwe a groundWork ndi Vukani anasumira boma, ndipo mu March 2022 khoti lalikulu ku Pretoria linagamula kuti mpweya woipa wa ku Highveld ukuphwanya ufulu wa anthu. Chigamulo sichiyeretsa mpweya tsiku limodzi, ndipo mulingo wa dziko lino udakali wofooka: umalola mamaikulogalamu 20 a PM2.5 pa kiyubiki mita pa chaka, pomwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatsitsa wake kufika pa 5 mu 2021. Komabe zikusonyeza kuti nkhani ya utsi si tsoka lochokera kumwamba. Ili ndi eniake amene angathe kufunsidwa.

Pa zoti bambo ndi ochepa thupi, ndikupempheni chinthu chimodzi. Mukapitanso kukiliniki mukafunse kuti shuga wawo ndi wa mtundu uti. Kuwonda kumatha kukhala chizindikiro cha matendawo, komanso pakati pa anthu a muno mu Africa madokotala amaona odwala shuga ambiri amene sananenepepo chibadwire. Ena ndi a mtundu woyamba, woti kapamba amasiya kutulutsa insulini, umene wabwera mochedwa, ena kapamba wawo anafooka chifukwa cha kuperewera kwa chakudya ali ana. Ife amene tinakula tikudutsa m'zaka za njala sitingaitaye mfundo imeneyi. Kudziwa mtundu n'kofunika chifukwa ena mapiritsi a metformin amawakwanira, ena amafunika jakisoni wa insulini. Mukafunsenso za kupima kotchedwa HbA1c, kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira kwa miyezi pafupifupi itatu. Ndipo akayamba kukhosomola kosatha asachedwe kukapimitsa TB, chifukwa wodwala shuga TB imamugwira mosavuta kuwirikiza kawiri kapena katatu.

Za abale amene akuti ndi zawanthu, sindikufuna kukuyambanitsani nawo. Akunena chifukwa chowakonda mwana wawo ndiponso chifukwa matendawa abwera mosayembekezereka. Chokhacho, mankhwala akuchipatala asasiyidwe ngakhale tsiku limodzi, ndipo timapepala tomatidwa pa mapolo a magetsi tolonjeza kuchiza shuga m'masiku asanu ndi awiri musatikhulupirire.

Nanga utsiwo mungatani nawo? Wa ku Mpumalanga simungaugwire ndi manja. Wa m'chipinda mwanu mungathe, ndipo nthawi zambiri ndi umene uli wochuluka m'mapapo mwanu. Mbaula iyakire panja mpaka utsi utatheratu, ndipo musagone nayo m'nyumba, chifukwa kupatula za shuga imatulutsa mpweya wosanunkha umene umapha anthu ali mtulo chaka chilichonse. Pophika ndi parafini tsegulani zenera kapena chitseko ngakhale kukuzizira. Ngati ndalama ingalole, gasi kapena kasitovu ka magetsi n'koyera kuposa parafini ndi malasha. Mapulasitiki, matayala ndi matabwa apenti asalowe pamoto, ndipo zimenezi muwauzenso bambo za moto wa kuntchito, akhale kumbali kumene mphepo ikuchokera, komanso jekete lochindikala ndi bulangete zichepetse maola okhala pa utsi. Kwa amene mumagwiritsa ntchito malasha pali njira imene eni dziko amaitcha Basa njengo Magogo, kutanthauza kuti koleza ngati agogo. Inayambira ku eMbalenhle pafupi ndi Secunda. Malasha amaikidwa pansi, pamwamba pake mapepala ndi tinkhuni, kenako timalasha tochepa pamwamba penipeni, n'kuyatsira kumwamba. Moto umatsika pang'onopang'ono ndipo utsi wa malasha apansi umapsa podutsa m'malawi. Utsi umachepa kwambiri ndipo malasha amakhalitsa. Amene amasuta fodya ayambire pamenepo, chifukwa palibe utsi wa mumsewu umene ungapose wa ndudu yopita mwachindunji m'mapapo.

Kuyenda kumathandiza kwambiri, mphindi 150 pa sabata, ndipo musasiye poopa utsi, chifukwa phindu lake limaposa vuto lake. Kafukufuku wamkulu wa ku America amene anatuluka mu 2002 anapeza kuti anthu omwe anali pafupi kudwala shuga, atasintha kadyedwe, kuyenda ndi kuchepetsako thupi, chiopsezo chawo chinatsika ndi 58 pa 100. Chofunika ndi kusankha nthawi. M'nyengo yozizira utsi m'malokeshoni umachuluka m'mamawa ndi madzulo dzuwa likangolowa, ndiye nthawi yabwino ndi masana chivundikiro chija chitatseguka, m'timisewu tam'kati osati m'mbali mwa msewu waukulu. Amene muli ndi foni yolowa pa intaneti mutha kuona mmene mpweya ulili pa tsamba la boma la pa intaneti lotchedwa SAAQIS. Pa mbale, nsima isachoke koma ichepe, masamba ndi nyemba zichuluke, ndipo mukapeza mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera mbee wa m'mashopu muno. Botolo la malita awiri la chakumwa chozizira lija lichoke patebulo.

Latsala ndi funso lanu lomaliza, lobwerera kumudzi. Pali zifukwa zambiri zabwino zobwererera kwathu, koma kuthawa utsi si chimodzi mwa izo pokhapokha mutakasinthanso kaphikidwe. Ku Malawi mabanja oposa asanu ndi anayi mwa khumi aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala. Kumbukirani kakhitchini ka amayi anu, mafuwa atatu, denga lakuda bii ndi mwaye, maso akutuluka misozi nsima ili pamoto. Mwaye umene uli kudengawo ndi womwewo umalowa m'chifuwa cha wophika. Shuga nayenso kwathu aliko: kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza akuluakulu pafupifupi 6 mwa 100 aliwonse ali naye. Ndiye musanagule tikiti pa Park Station muwerengere kutalika kwa chipatala kuchokera pakhomo panu ku Ntcheu, ngati mankhwala a bambo azikapezeka mwezi ndi mwezi, ndiponso pomwe mungakasunge insulini pozizira ngati angadzaifune. Bambo angoyamba kumene chithandizo, ndipo ine ndikanakonda atayamba akhazikika kaye shuga wawo asanasamuke.

Mu imelo yanu yonse mwalemba za bambo, za abwana, za abale, koma za inu eni simunatchule. Inu ndi amene mumayatsa sitovu ija m'mawa ndi madzulo, m'chipinda chomwecho. Loweruka likubwerali pitani mukapimitse musanadye kanthu, kaya kukiliniki kapena ku mafamase ngati Clicks ndi Dis-Chem kumene amapima pa kamtengo kochepa pongobaya chala. Nambala ikafika 7.0 kapena kupitirira muli osadya, akakupimeninso kuti atsimikize. Mukapime ndi BP yomwe, ndipo mukandilembere zomwe akuuzani.